Tisanagulitse ng'ombe cifukwa ca digiri ya bizinesi, tiyambe tawerenga matumba

Caka ciliconse zotsatira za mayeso a Giredi 12 zikatuluka, m'midzi ndi m'miphakati mwathu mumamveka nkhani imodzimodzi. Mwana wakhoza bwino, kalata yomuitana ku yunivesiti yafika, ndipo pa kalatapo palembedwa kuti akaphunzire za bizinesi. Amai ake aliza nthungululu, atsibweni abwera ndi nkhuku, ndipo pa Sondo dzina la mwanayo limachulidwa m'mapemphero oyamika. Zonsezi n'zoyenera. Koma pakapita masabata awiri kapena atatu, atate a mwana uja amatsalira anthu akamatuluka m'chalichi, nakokera pambali mmodzi wa akulu a mpingo ndi kufunsa motsitsa mau: kodi mudziwako munthu amene angagule ng'ombe zanga ziwiri mwamsanga?

Funso limeneli ndilo latipangitsa kulemba lero. Tisamvane molakwa, inu makolo. Pepala lino silinaletsepo mwana kuphunzira, ndipo silidzatero. Mipingo imene timapempheramo ndiyo inamanga masukulu oyamba m'cigawo ca Kum'mawa boma lisanayambe kumanga ake, ndipo tidziwa cimene sukulu yacitira mabanja athu. Cimene tikamba n'cakuti digiri ili ndi mtengo wake, masiku ano mtengowo ndi nkhongole, ndipo nkhongole ili ndi mwini wake amene adzabwera kudzaitenga. Palibe mlimi wanzeru amene amatenga feteleza wa nkhongole asanaganize kuti mundawo udzamupatsa matumba angati. Nanga n'cifukwa ciani pa maphunziro a zaka zinai timasaina mapepala osawerengera?

Cifukwa cake sicisowa. Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, nzika za dziko lino zimene zinali ndi madigiri zinali pafupifupi 100 cabe. Yunivesiti ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndipo kwa zaka zambiri wotuluka kumeneko anali kupeza nchito ikumuyembekezera. Migodi, makampani a boma, NAMBOARD, Lintco imene inali kugula thonje, bungwe la makopaletivu la ECU kuno kwathu, ngakhale fakitale ya njinga ya ku Chipata, onsewa anali kufuna makalaliki, owerengera ndalama ndi mamanijala. Komanso boma linali kulipira zonse. Ife amene tinakula m'zaka zimenezo tinaona ndi maso athu mwana wa mlimi akubwera kumudzi pa galimoto ya kampani, ndipo cithunzi cimeneco sicinacoke m'mitu mwathu. Koma NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, makampani a boma anagulitsidwa m'zaka za m'ma 1990, migodi ikuluikulu inatsatira mu 2000, ndipo basale ija inasanduka nkhongole. Dziko linasintha, ife makolo tikali kuwerengera monga kale.

Nkhongole ya boma imayenda motere. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo limene linakhazikitsa bungwe la HELSB m'malo mwa komiti yakale ya mabasale. Mu 2018 bungweli linayamba kutolera ndalama kwa onse amene anathandizidwa kuyambira mu 2004, ndipo aphunzitsi ndi anchito ena a boma ambiri anadzidzimuka poona ndalama itadulidwa pa cipepala ca malipiro ao, popeza iwo anali kuyesa kuti anapatsidwa mphatso. Wophunzira akatsiriza amapatsidwa caka cimodzi copumira, kenaka ayenera kubweza m'zaka 10. Ciwongoladzanja cinali 15 peresenti pa caka, ndipo cinatsitsidwa kufika pa 10 peresenti mu 2024. Ndalama ya cakudya ya ophunzira, imene inacotsedwa mu 2019 ndi kubwezeretsedwa mu 2023, nayonso imalowa m'nkhongole yomweyo. Ndiponso si onse amene amalipiridwa zonse. Ena amapatsidwa 75 peresenti, ena theka, ena 25 peresenti cabe, ndipo cotsalaco cimagwera banja.

Tsopano tiyeni tiwerenge monga alimi. Tinene kuti mwana watsiriza zaka zinai ali ndi nkhongole ya K100,000. Nambala imeneyi taisankha kuti kuwerenga kukhale kosavuta; ya mwana wanu ingakhale yocepera kapena yoposa, ndipo muyenera kuikapo yakeyo. Tikawerengera monga amacitira mabanki, pa 10 peresenti kwa zaka 10, mwanayo azibweza pafupifupi K1,320 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza adzakhala atabweza ndalama zoyandikira K158,600. Mu 2025 bungwe la FRA linali kugula thumba la cimanga la makilo 50 pa K340. Ndiye kuti nkhongole ija ndi matumba 294, ndipo pamodzi ndi ciwongoladzanja ndi matumba 466. Pa mwezi ndi matumba anai osakwana pang'ono. Taganizani, inu amene mumadziwa thukuta la thumba limodzi: matumba anai mwezi uno, anai mwezi wamawa, m'dzinja ndi m'cilimwe momwe, mvula igwe kapena isagwe, kwa zaka 10.

Kodi ndi zambiri? Yankho lili pa malipiro amene mwanayo adzalandira, ndipo apa ndi pamene timadzinamiza kwambiri. Pokambirana m'banja timachula mwana wa uje amene ali ku banki ku Lusaka, kapena wa uje amene ali ku migodi ku Solwezi. Sitichula anzao asanu amene anakhala nao m'kalasi imodzi. Tiyeni tione malipiro atatu, tikutsata malamulo a msonkho a 2024, pamene K5,100 yoyamba ya pa mwezi sinali kudulidwa msonkho, NAPSA inali kutenga 5 peresenti ndipo inshuwalansi ya cipatala ya NHIMA 1 peresenti. Wolandira K15,000 pa mwezi, akadulidwa zonsezi pamodzi ndi nkhongole ija, amatsala ndi ndalama ngati K9,600. Ameneyu digiri yamulipira, ndipo angathe kukumbukira kumudzi. Wolandira K6,000 amatsala ndi K4,100 ndi kakobiri pamwamba. Wolandira K3,000, amene waima pa kauntala m'sitolo kapena alemba malisiti pa sikelo ya wogula mbeu, amatsala ndi K1,500. Pa K1,500 imeneyo alipire lendi, akwere basi, adye, avale. Ansembe a Cijezuiti a bungwe la JCTR, amene mwezi ndi mwezi amawerengera mtengo wa zofunika pa moyo, anapeza kuti mu 2024 banja la anthu asanu mu Lusaka linali kufunika ndalama zoposa K10,000 pa mwezi. Ndiye muone nokha kuti mwa atatu aja ndani angatumize ndalama ya feteleza kwa makolo.

Langizo lathu ndi lakuti powerengera tengani malipiro apansi aja. Ngati banja lingapirire mwana atalandira K3,000 kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kapena atakhala caka cathunthu osapeza nchito n'komwe, sainani ndi mtima umodzi. Ngati zonse zidalira kuti alandire K15,000 akangovula mkanjo wa pa tsiku la cikondwerero, pamenepo mukucita njuga, ndipo cikole cake ndi nkhokwe ya banja.

Wina adzafunsa kuti bwanji tilimbana ndi digiri ya bizinesi, osati ya udokotala kapena uphunzitsi. Alimi a soya ayankha bwino kuposa ife. Mtengo wa soya utakwera, aliyense ku Katete, ku Petauke ndi ku Lundazi anabzala soya, ndipo mu 2023 mtengo unagwa, ogula a masikelo n'kumachula mtengo umene afuna. Soya sinaipe ai, inangoculuka kuposa ogula. Maphunziro a bizinesi ndi osavuta kuwatsegula: safuna cipinda coyeseramo mankhwala, safuna cipatala kapena makina, afuna cabe cipinda, bolodi ndi mphunzitsi. N'cifukwa cake pafupifupi yunivesiti iliyonse, ya boma ndi yosakhala ya boma, ili nao, ndipo caka ndi caka otsiriza amatuluka ambirimbiri kukafuna mipando yocepa. Ofufuza a boma amapeza kuti mwa anthu 10 ogwira nchito m'dziko lino, pafupifupi 7 ali pa nchito zosalembedwa, za kumunda, za pamsika ndi za manja ao. Boma likalemba anthu ambiri nthawi imodzi, limalemba aphunzitsi ndi a zaumoyo, monga mu 2022 pamene linalemba aphunzitsi 30,496 ndi anchito a zaumoyo oposa 11,000. Sitinamvepo boma likuitana a madigiri a bizinesi mwa unyinji wotere.

Palinso cina cimene makolo ambiri samva mpaka mocedwa. Digiri payokha siimaliza ulendo. Wofuna kugwira nchito yowerengera ndalama ayenera kulembetsa ku bungwe la ZICA, monga lifunira lamulo la 2008, ndipo kuti afike pa mpando wa malipiro abwino amalembanso mayeso ena a ukatswiri, olipira. Ogula katundu wa makampani, oyang'anira anchito ndi otsatsa malonda naonso ali ndi mabungwe ao ofuna ndalama ya caka ndi caka. Ndiye mukamva mwana akuti akaphunzira bizinesi, mufunseni kuti bizinesi yake iti. Kuwerengera ndalama ndi nchito yodziwika, ili ndi khomo lake lolowera. Digiri yongoti kuyendetsa bizinesi, yokhudza pang'ono apa ndi pang'ono apo, ndiyo imavuta kugulitsa, pakuti palibe kampani imene imapatsa mwana wa zaka 23 umanijala cifukwa ca pepala.

Komabe nkhongole ya HELSB sindiyo imatidetsa nkhawa kwambiri. Ciwongoladzanja cake n'cocepa poyerekeza ndi ca mabanki, ili m'dzina la wophunzira, ndipo siitenga khasu m'manja mwa atate ake. Imene imapasula mabanja ndi nkhongole ina ija yosalembedwa m'mabuku a boma, imene makolo amatenga kuti akwaniritse theka lotsala, kapena kuti alipire yunivesiti yosakhala ya boma pamene mwana sanapeze thandizo lililonse. Apa ndi pamene pamalowa kaloba, amene pa mwezi umodzi amafuna zimene boma silifuna pa caka cathunthu. Apa ndi pamene akalongosi ake a mwanayo, amene ndi aphunzitsi kapena anamwino, amakakamizidwa kukatenga loni ya pa malipiro, n'kutsala ndi ndalama yosakwana thumba la ufa. Apa ndi pamene ndalama za gulu losunga ndi kubwereketsa za amai a mumphakati zimatengedwa ndi munthu mmodzi, osabwerera, gulu n'kutha ndi cidani. Ndipo apa ndi pamene ng'ombe zimapita.

Tiimepo pang'ono pa ng'ombe, cifukwa a m'tauni samvetsa. Ng'ombe ziwiri zolimira si ndalama yosungidwa cabe imene mungatape tsiku lililonse. Ndizo zimatembenuza munda mvula yoyamba ikagwa, ndizo zimakoka ngolo ya manyowa ndi ya zokolola, ndipo m'nyengo yolima zimabweretsa ndalama ya ganyu kwa anansi. Mukazigulitsa mu Januwale kuti mulipire temu yoyamba, caka cotsatira mudzalima mocedwa ndi ng'ombe zobwereka, munda udzacepa, ndipo fizi ya caka caciwiri idzakupezani muli ndi zokolola zocepa kuposa kale. Caka cacitatu mudzagulitsa ngolo. Taona mabanja otere m'maparishi athu, ndipo cowawa koposa n'cakuti ena mwa anawo sanatsirize n'komwe: anabwerera m'caka cacitatu alibe pepala, ng'ombe kulibe, kaloba ali pakhomo. Digiri ya theka siigulitsika. Tikumbukenso 2024, pamene cilala cinaononga cimanga m'zigawo zambiri mpaka Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Mwa zaka zinai za maphunziro, mlimi wanzeru ayembekezere kuti cimodzi cingakhale coipa. Yunivesiti siidzacotsako fizi cifukwa mvula inakana.

Za munda wa makolo sitifuna n'kukamba komwe. Munda si wa munthu mmodzi, ndipo nyakwawa imene ivomera kuti ugulitsidwe cifukwa ca fizi yalakwira ana amene sanabadwe.

Nanga mwana wanzeru wa mlimi wosauka azingokhala? Iyai. Njira zilipo, kungoti zilibe ulemerero wa kalata ya ku yunivesiti. Kuyambira mu 2022, pamene ndalama za citukuko za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, gawo lina limalipirira acinyamata maphunziro a nchito za manja m'makoleji ovomerezedwa ndi TEVETA, monga Chipata Trades ndi Ukwimi Trades, ndipo imeneyi ndi basale yeniyeni yosabweza. Wokonda manambala angayambe ndi dipuloma ya ZICA, imene imatenga nthawi yocepa ndi ndalama zocepa, n'kupeza nchito, n'kumakwera pang'onopang'ono akulipira yekha. Ambiri amene lero ali ndi madigiri a bizinesi ndi mipando yabwino anawatenga ali kale pa nchito, akuphunzira madzulo kapena pa maholide. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo ngati mwasankha ndithu yunivesiti yosakhala ya boma, musapereke ngwee imodzi musanatsimikize kuti sukuluyo, ndiponso maphunziro enieniwo amene mwana akatenge, n'zovomerezedwa ndi bungwe la boma la HEA loyang'anira maphunziro apamwamba. Cikwangwani cokongola pamseu si umboni.

Tiyeneranso kukamba cilungamo pa mbali inayo. Nzeru za bizinesi tikuzisowa kwambiri kumudzi kuno. Makopaletivu angati agwa cifukwa palibe wodziwa kusunga mabuku? Alimi angati amagulitsa nshawa ndi mpendadzuwa pa mtengo wozizira mu Meyi cifukwa palibe wowasonkhanitsa kuti agulitse pamodzi mu Okutobala? Ngakhale mabuku a ndalama a m'maparishi ena, tikambe zoona, angamvetse cisoni munthu wophunzira. Mwana amene apita ku sukulu ya bizinesi ya ku Copperbelt University ku Kitwe ali ndi colinga cobwerera kudzatsegula sitolo ya mbeu ndi feteleza, cigayo kapena makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, ameneyo adziwa cimene afuna. Koma iyenso adzafunika mpamba woyambira, ndipo mpambawo udzacokera kuti ngati ng'ombe ndi ngolo zinathera ku fizi? Nthawi zina banja limene lili ndi K40,000 liyenera kusankha pakati pa pepala ndi mpamba, ndipo si nthawi zonse pamene pepala ndilo labwino. Komanso mumufunse mwanayo ngati bizinesi ndiyo anafuna, kapena anailemba pa fomu cifukwa mapointi ake sanakwane kumene mtima wake unali. Ana ambiri amaopa kuuza makolo zoona akaona nkhuku yaphedwa kale.

Kwa inu amene munatsiriza ndipo muli pa nchito, mau athu ndi acidule: bwezani. Timamva ena akunyadira kuti bungwe silinawapeze cifukwa agwira nchito ku kampani yosakhala ya boma kapena kunja kwa dziko. Ndalama imene mubweza ndiyo imalipirira mng'ono wanu wa ku Chadiza kapena ku Nyimba amene ali pa mzere lero, ndipo caka ciliconse opempha amaculuka kuposa olandira. Akulu a mpingo akumbukira mmene tinasainira mapepala a Jubilee 2000 pa makomo a machalichi, kupempha maiko olemera kuti akhululukire Zambia nkhongole zake, ndipo mu 2005 gawo lalikulu linakhululukidwa. Tinacita zimenezo cifukwa nkhongole ija inali kulanda mankhwala m'zipatala ndi mabuku m'masukulu. Munthu wa malipiro abwino amene akana kubweza ndalama ya maphunziro sangabisale kumbuyo kwa Jubilee, pakuti iyeyo ndiye akulanda wosauka.

Kwa boma tili ndi mapempho awiri. Loyamba, kubweza kuyendere pamodzi ndi malipiro a munthu, kuti wolandira K3,000 asadulidwe mofanana ndi wolandira K15,000, ndipo amene sanapeze nchito asamaone nkhongole ikukula iye ali pakhomo pa makolo. Laciwiri, mayunivesiti onse akakamizidwe kulengeza poyera, caka ndi caka, kuti mwa amene anatsiriza maphunziro akutiakuti ndi angati apeza nchito pakapita caka cimodzi, ndipo alandira zingati. Wogulitsa mbeu amalemba pa paketi kuti imacha masiku angati ndi kuti imabereka motani. Wogulitsa digiri acitenso cimodzimodzi, ndipo zilembedwe m'zinenero zathu kuti mlimi wa ku Vubwi adziwerengere yekha.

Koma boma limacedwa, ndipo makalata a caka cino sadzaliyembekezera. N'cifukwa cake tipempha makhonsolo a maparishi ndi atsogoleri a miphakati, pamodzi ndi abale athu a mipingo ina, kuti zotsatira za Giredi 12 zikatuluka apatule Sondo imodzi pambuyo pa mapemphero. Aitane mphunzitsi wa masamu, kapena mkhristu wogwira nchito yowerengera ndalama, akhale pansi ndi banja lililonse limene lalandira kalata, atate, amai, atsibweni ndi mwana yemwe. Pa pepala limodzi alembe fizi ya zaka zonse zinai pamodzi ndi malo ogona, cakudya ndi basi. Alembe gawo limene HELSB yavomera ndi gawo lotsalira banja. Alembe matumba amene banjalo linagulitsa m'zaka zitatu zapitazi, kuphatikizapo caka ca cilala. Alembenso ndalama yobweza pa mwezi pambali pa malipiro a K3,000. Atate aja ofuna wogula ng'ombe abwere ndi kalata yao tsiku limenelo, ng'ombe zikali m'khola.